Womanga Matenti ku Mpatamanga

Lachisanu magalimoto amatsika kuchokera m'tauni,
fumbi la ku Chileka likadali m'matayala,
n'kuima pansi pa mthethe, pafupi ndi bolodi
limene ndinalemba ndekha ndi penti yotsala:
kanyumba ka matabwa, mtengo wake uwu;
tenti, uwu; nkhuni, mtolo woyamba ndi waulere.

Mayi Kapyepye amalemba mayina m'buku.
Ine zanga ndi nyundo ndi zikhomo.

Dzulo kunabwera banja la ku Namiwawa.
Tinyumba tonse titatu tinali todzaza,
koma anati palibe kanthu, iwo anadzera tenti,
ana alaweko kugona panja.
Bamboyo anathamangira kukajambula Shire pafoni,
mayiyo n'kumafunsa ngati mvuu zimafika pano.
Kamtsikana kawo, Upile, kanavula nsapato pamchenga
n'kumandilondola, katanyamula zikhomo ngati mazira.

"Ankolo, mfundo imeneyi munaiphunzira kuti?"

Ndinati kusukulu.
Sindinaname.
Pabwalo la mpira, pasukulu ina ku Chilobwe,
chaka chija phiri la Soche linasanza matope,
tinkagona anthu khumi ndi anayi m'tenti imodzi,
mitu kuno, miyendo uko, ngati matemba m'thumba.
Chingwe chikamasuka usiku panalibe woitana.
Unkadzuka wekha, n'kumanga ndi mano ndi zala
mpaka mfundo inaloweza manja ako.
Kumeneko sitinkalipira kanthu.
Tinali titalipiriratu.

Madzulo anayatsa mbaula, nyama inalira pamoto,
wina ku kanyumba ka pakati anatsegula wailesi.
Anandipatsa chiwindi pa mbale ya pepala,
ndinadya nditaima, maso ali kumitambo
imene inkaunjikana cha ku Mwanza.

Inayamba nthawi ya ma teni.
Poyamba ngati munthu akupeta mapira,
kenako ngati ng'oma.
M'tenti muja ndinamva ana akuseka,
mayi wawo akuti, "Tamverani kukoma kwake!"

Ndinatenga tochi ndi khasu.
Palibe anandituma.
Ndinakumba ngalande kuzungulira tenti yawo,
ndinakoka chingwe chilichonse, kawiri kawiri,
ndinatsikira kumtsinje kukaona ndodo yanga
imene ndinaizika ndi kuidula mizere itatu.
Madzi anali asanafike ndi pa mzere woyamba pomwe.
Ndinabwerera. Ndinapitanso.
Khutu langa silimva mvula monga amamvera ena:
limafunafuna phokoso lina kuseri kwake,
lija la miyala ikamagubuduzika mumdima.

Pamchenga tochi inagwa pa nsapato ziwiri zofiira.
Ndinaima nthawi yaitali.
Za Elufe, mlongo wanga, tinapeza imodzi yokha,
ya kumanzere,
pa tsiku lachinayi, kumunsi kwa mlatho.
Izi ndinazitola zonse ziwiri,
ndinazikhutula madzi, n'kuziika pakhonde.

Kutacha nkhwazi inalira tsidya lija
ngati sikunachitike kanthu,
ndipotu sikunachitike kanthu.
Bamboyo anatuluka akudziwongola,
anati chaka chino sanagonepo tulo totere,
mvula ya pa tenti ndi mankhwala, achimwene.
Anandipanikiza ndalama m'dzanja.
Ndinati zikomo, mudzabwerenso,
ndipo ndinanena kuchokera pansi pa mtima.

Upile sanafune kukwera galimoto
asanaphunzire mfundo ija.
Ndinamugwira zala: zungulitsa, lowetsa, koka.
Yoyamba inamasuka. Yachiwiri inamasuka.
Yachitatu inagwira, iye n'kulumpha,
nsapato zonyowa zikulira kumapazi.

Atapita ndinazula zikhomo, ndinaziwerenga,
khumi ndi zisanu ndi chimodzi, zonse zilipo.
Ndinayanika tenti pa nthambi ya mthethe.
Pamene inali panatsala dothi louma,
la makona anayi, pakati pa matope,
longa chitseko chimene wina wachigoneka pansi.

Mayi Kapyepye akuitana.
Ati masana kukubwera ena asanu ndi awiri,
ndipo onse akufuna pafupi ndi madzi.